Womasulira wa Hitler uja analibe mlandu?

Nachisale_wa_kwathu:
Abale tandithandizeni, dzulo tinakangana ndi bambo a kunyumba mpaka nsima kuzizira, nkhani yake ya Paul Schmidt, Mjeremani amene ankamasulira Hitler akamakumana ndi atsogoleri a mayiko ena. Ndamva zoti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha anakakhala mkulu wa sukulu ya omasulira ku Munich, ndiye ine ndikuti zinatheka bwanji munthu wotumikira Hitler zaka zonsezo n'kukaphunzitsa ana a eni? Iwo akuti womasulira ndi pakamwa chabe, alibe mlandu.

Mdala_Wamabuku:
Mayi, bambowo akunena zoona pang'ono. Schmidt ntchito sanaiyambire pa Hitler ayi, analowa mu unduna wa zakunja wa Germany mu 1923 ndipo mu 1925 anali kale ku msonkhano wa mayiko ku Locarno, Switzerland, akumasulira Stresemann, nduna ya zakunja ya Germany nthawi imeneyo, Hitler anachita kumupeza pantchito. Mu 1938 Chamberlain, nduna yaikulu ya Britain, atapita ku Berchtesgaden ku Germany kukakumana ndi Hitler analibe womasulira wakewake, onse awiri ankadalira pakamwa pa Schmidt yemweyo. Koma yomwe imandisangalatsa ine ndi ya pa 3 Seputembala 1939, mwiniwake analemba kuti tsikulo anagonereza, n'kuthamanga pa takisi kukalandira kalata kwa kazembe wa Britain, Nevile Henderson, 9 koloko m'mawa, kenako n'kukaiwerengera Hitler m'Chijeremani kuti mukapanda kuchotsa asilikali ku Poland ndi nkhondo basi. Akuti Hitler anangoti zii, kenako n'kucheukira Ribbentrop, nduna yake ya zakunja, kumufunsa kuti nanga tsopano?

Chemwali_Joni:
Achimwene mwasiya dala zina. Munthuyu analowa chipani cha Hitler cha Nazi mu 1943, pamenepo si pakamwanso chabe. Aamerika anamugwira mu 1945, anakaperekera umboni ku Nuremberg pa milandu ya akuluakulu a Nazi, anamumasula mu 1948, ndiye 1952 uyo ali mkulu wa sukulu ija. Kwa ine anapulumukira poti ankadziwa zambiri ndipo ankamufuna ngati mboni.

Mdala_Wamabuku:
Sindikukana chemwali, koma ine ndinamasulirapo kutchalitchi zaka zingapo, mlaliki akayamba kutukwana anthu ndiwe amene mpingo umakuyang'ana ndi diso lofiira, ukafewetsa mawu wanama, ukanena momwemo wadana nawo. Tsono ganizani amene ukumumasulirayo ndi Hitler.

Nachisale_wa_kwathu:
Kutchalitchi mumatha kutula maikolofoni pansi n'kukakhala kumbuyo bambo. Schmidt anakhalabe mpaka 1945. Ndikawaonetsa zimenezi akabwera madzulo, za 1943 zija sankazidziwa.