Chiwindi chimatani kuti mankhwala ena afooketse anzake?

Anamwino, madokotala ndi nonse odziwa za mankhwala, chonde ndithandizeni kumvetsa izi. Ndikusamalira achemwali anga amene ali pa ma ARV, ndipo posachedwapa ayamba kumwa mankhwala a TB. Kuchipatala anawawonjezera piritsi lina la ma ARV lotchedwa dolutegravir la 50 mg loti azimwa madzulo, akuti rifampicin, yemwe ali m'mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira, ndiye amatha msanga m'magazi.

Apa mpamene mutu wanga waima. Zoti piritsi limasungunuka n'kulowa m'magazi kudzera m'matumbo ndikuzimva. Koma chiwindicho chimaphwanya bwanji mankhwala? Ndipo akadzamaliza miyezi 6 ya mankhwala a TB, chimabwerera mwakale tsiku lomwelo kapena zimatenga masabata?

Mkodzo wawo wasintha mtundu, ukuoneka ngati Fanta, koma anatiuziratu kuti tisadandaule nazo. Chimene chikundisowetsa tulo ndi kulera. Ali ndi Jadelle pamkono, ndipo ndamva kuti rifampicin amafooketsanso njira imeneyi. Kodi chifukwa chake n'chomwecho cha chiwindi? Nanga jakisoni wa Depo nayenso amafooka? Kuchipatala tibwererako ndithu, koma ndikufuna ndikapite ndikudziwa zoti ndikafunse.