Ndalama za achemwali a ku Leeds ndi nkhani ya agogo opezeka kumanda

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Achemwali athu a ku Leeds, ku England, atumiza K1,500,000 ku akaunti ya gulu dzulo madzulo. Alemba kuti ndi yothandizira okalamba odwala matenda oiwala, kutsatira zomwe zawachitikira agogo aja Lachiwiri usiku. Bambo wapampando ati tikambirane pano tisanaikhudze.

Wapampando: Zikomo alembi. Poyamba tithokoze, si ndalama yamasewera imeneyi. Achemwali, bwalo ndi lanu.

Achemwali a ku Leeds: Zikomo bambo. Ndalankhula ndi mdzukulu wawo pafoni. Agogo anatuluka pakati pa usiku mtsikanayo ali mtulo. Anthu anawapeza kumanda atangomanga kansalu m'chiuno, khasu lili m'manja, akuti akupita kukathandiza amuna awo kupalira kudimba. Amuna awowo tonsefe tinawaika kalekale. Atafunsidwa dzina anatchula la kuutsikana. Atafunsidwa kwawo anatchula mudzi wa kutsidya ku Angonia komwe anabadwira. Basi, anthu n'kumakuwa kuti mfiti yagwa m'lichero. Akanapanda a community policing bwenzi pano tikusonkha ya bokosi.

Achemwali a ku Leeds: Abale anga, ine kuno ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Anthu ngati agogowa ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa tsiku ndi tsiku. Madokotala amati dementia. Ubongo umawonongeka pang'onopang'ono, ndipo zimayamba kufufutika ndi zatsopano, zakalekale n'kutsala. N'chifukwa chake munthu amaiwala kuti wadya nsima posachedwapa koma nyimbo ya pachinamwali pake amaimba yonse osaphonya. Dzuwa likamalowa ambiri sakhazikika, amamanga katundu akuti ndikupita kwathu, ali pakhomo pawo pomwe. Amabisa ndalama m'denga, n'kuiwala, mawa lake mpongozi ndiye wakuba. Izi si zachizungu ayi. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati padziko lonse odwala matendawa ndi oposa 55 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Kwathu ku Ntcheu aliponso, kungoti timawatchula maina ena.

Mayi a ku Ndirande: Mayo ine. Agogo amenewa anatilera ambirife, chikondamoyo chawo tadya tonse popita kusukulu.

Achimwene a ku Joni: Asisi mwachita bwino, Mulungu akudalitseni. Koma ndalamayi mwaiponya m'thumba lobooka. Ndifunse: ya mjigo ili kuti?

Mlembi: Achimwene, nkhani ya lero ndi ina.

Achimwene a ku Joni: Thumba lake ndi lomwelo. Ife kuno tinasonkha ma rand, ena akugona anthu asanu m'kachipinda kamodzi ku Germiston. Mjigo sitinauone, risiti sitinaione. Amayi anga mpaka lero akutunga kudambo.

Msungichuma: Nkhani imeneyi ndinaifotokoza pamsonkhano wa pa Khirisimasi. Titasonkha, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wokumba uja anakweza mtengo, ndalama sinakwanenso. Yotsala ilipo.

Achimwene a ku Joni: Ilipo zingati? Tumizani chithunzi cha statement pano pompano.

Msungichuma: Sindine mwana woti muzindifunsa chonchi pagulu. Ndili ndi zidzukulu ine.

Achemwali a ku Leeds: Achimwene, za mjigo nanenso ndinasonkha ndipo yankho ndikulifuna. Koma ndiloleni ndimalize. Sindikupempha kuti timange chipatala. Choyamba tichite msonkhano pamsika, tiitane mafumu, abusa, mashehe, a community policing ndi alangizi a zaumoyo, anthu amve kuti wokalamba woyenda usiku ndi wodwala. 21 Seputembala ndi tsiku lomwe dziko lonse limakumbukira matenda a Alzheimer's, omwe ndi mtundu wofala kwambiri wa dementia, tingalozere pamenepo. Tigule makina oyezera BP angapo tiwapereke kwa alangizi, chifukwa BP yosasamalidwa ndi timasitiroko ting'onoting'ono zimaononga ubongo, ndipo pamenepo pali potchinjiriza. Shuga, kachasu ndi fodya nazonso zimaonjezera. Ina tiziperekera thiransipoti mabanja opita ndi odwala kuchipatala cha pa boma, chifukwa nthawi zina kusokonezeka kwa wokalamba kumabwera ndi matenda ena ochizika. Munthu ayezedwe kaye.

Achemwali a ku Leeds: Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi mtsikana uja. Anasiyira Fomu 2 kuti aziwasamala. Ali yekha. Akuti usiku amamanga nsalu yake ku mwendo wa agogo kuti akadzuka amve, Lachiwirilo anaimasula iye osamva. Masana sangapite kuchigayo chifukwa tsiku lina anapeza agogo ataika poto pamoto mopanda madzi, udzu wa kukhitchini utayamba kufuka. Sopo alibe, zofunda amachapa m'mawa uliwonse. Ana enieni a agogowa muli pagulu pano ndipo mukuwerenga. Sinditchula dzina.

Azakhali a ku Area 25: Iiii achemwali, pamenepo mwapitirira. Mukudziwa zomwe anthu akudutsamo m'tauni muno? Mwatumiza ndalama inde, koma musagule nayo ufulu wonyoza mabanja a eni.

Achemwali a ku Leeds: Sindinanyoze azakhali. Ndanena zomwe mwanayo wandiuza akulira.

Azakhali a ku Area 25: Inu mumalipidwa posambitsa azungu. Kuno timasambitsa amayi athu ulere kenako n'kukagulitsa tomato.

Mayi a ku Ndirande: Azakhali chonde.

Abusa: Mtendere abale. Ine sindikutsutsa za chipatala, odwala timawaperekeza tokha. Koma tisaiwale kuti nkhondo zina n'zauzimu. Munthu kukapezeka kumanda usiku si nkhani yongoipeputsa. Ndikupempha gawo lina la ndalamayi lithandize mapemphero a usiku wonse m'mudzimo.

Aphunzitsi opuma: Abusa, ndimakulemekezani, koma mawu ngati amenewo ndi omwe amapatsa anyamata mphamvu yotola miyala. Manda ali panjira ya kudimba, aliyense wobadwira kumeneko akudziwa. Mwaiwala za ku Neno? Januwale 2016, mphenzi itapha mtsikana, anthu anapha okalamba anayi akuti ndiwo anaitumiza. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 lidakalipo, ndipo kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza okalamba. Ndalama ya achemwali ikapita kumsonkhano, apolisi abwere adzawerenge malamulowa anthu akumva. A MANEPO, omwe amamenyera ufulu wa okalamba m'dziko muno, tiwalembere kalata, mwina angatitumizire munthu.

Abusa: Sindinati ndi mfiti aphunzitsi. Musandiikire mawu m'kamwa.

Aphunzitsi opuma: Ndiye Lamulungu likubwerali mukanene pagome kuti agogo akudwala. Mawu anu kumeneko amalemera kuposa athu tonse.

Achemwali a ku Leeds: Abusa, mapemphero ayi ndithu sindikana, ndipo safuna ndalama. Pitani ndi amayi a chigwirizano masana, mukawaimbire nyimbo zakale zomwe ankaimba ali mtsikana. Mudzaona okha akutsatira mawu. Kuno timachita zomwezo ndipo munthu yemwe sanalankhule sabata yonse amatsegula pakamwa. Koma zowazungulira usiku ndi kuwakuwira m'makutu musachite, amachita mantha ndipo amayamba kumenya, kenako anthu aziti mwaona chiwanda chikutuluka.

Mnyamata wa kabaza: Akuluakulu ndilankhuleko ine ndili kumudzi konkuno. Ndine ndinawanyamula agogo pa njinga kupita nawo kwa amfumu usiku umenewo. Mapazi anali magazi okhaokha, minga. Njira yonse amanditchula dzina la mchimwene wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe, amvekere usathamange tingagwe. Koma vuto lina ndi vidiyo ya agogowa. Yafika mpaka ku Lizulu ndi ku Balaka. Amene anaiponya koyamba pa Facebook ali pagulu lino.

Wapampando: Zoona zimenezo?

Mnyamata wa kabaza: Ndili ndi screenshot bambo.

Mlembi: Usaponye pano, nditumizire kumbali.

Achimwene a ku Joni: Bwanji kumbali? Zonse kumbali, ya mjigo kumbali, ya ma jersey a timu kumbali. Gulu lino lili ndi eni ake.

Msungichuma: Ma jersey anafika ndipo anyamata anavala. Mukufuna chiyani kwa ine kodi? Kuyambira nthawi ya malire a munda aja simunandikhululukire, nenani zoona.

Achimwene a ku Joni: Za munda mwazitchula ndinu.

Achemwali a ku Leeds: Vidiyoyo aliyense amene ali nayo afufute chonde. Mayi wamkulu ali chosavala, ndipo mawa ndi amayi ako. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo ndikuuzeni, agogowa sali okha. Kuyambira dzulo anthu atatu a pagulu lino andilembera kumbali. Wina bambo ake amawatsekera m'nyumba ndi loko akamapita kumunda. Wina amayi ake anawathamangitsa kumudzi kwa amuna awo akuti akulodza ana. Onse akuti tisawatchule, akuopa kuti banja lawo lidziwika ndi ufiti kapena misala, ana awo asowa owakwatira. Manyazi amenewa ndi omwe ndikufuna ndalamayi ilimbane nawo. Mankhwala ochiziratu matendawa kulibe, ngakhale kuno. Chilipo ndi chisamaliro, ndipo zambiri sizodula. Kusokerera kansalu kolembedwa dzina, mudzi ndi nambala ya foni pa malaya awo. Kupachika zitini pachitseko kuti zilire akamatsegula. Kusiya nyale ya sola ikuyaka usiku kuti asasochere popita kuchimbudzi. Kusakangana nawo: akati amuna anga ali kudimba, osawauza kuti anafa, chifukwa amalira maliro atsopano nthawi iliyonse. Umangoti tidikire kuche agogo, tiyeni timwe kaye tiyi. Ndi kumupumuza wosamalayo. Amayi anayi atamasinthana, mtsikana uja angabwerere kusukulu, fizi ndilipira ine payekha osakhudza ndalama ya gulu.

Mayi a ku Ndirande: Ine ndiperekako sopo ndi zitenje ziwiri. Ndipo kodi agogowa ali pa Mtukula Pakhomo? Wina afunse kwa amfumu.

Mnyamata wa kabaza: Ndikafunsa mawa.

Aphunzitsi opuma: Ndikuonjezera kuti kumsonkhanoko tisakagawe ma allowance. Tikayamba zimenezo miliyoni itha ndi Fanta.

Azakhali a ku Area 25: Opanda kanthu mafumu sabwera, tisanamizane. Ndipo ine ndifunsebe: mlatho wa kumtsinje uja mvula ikubwerayi ana awoloka bwanji? Gulu lino ndi la chitukuko cha mudzi wonse. Ndalama yonseyi ithere nyumba imodzi?

Achemwali a ku Leeds: Si nyumba imodzi azakhali, ndanena kale. Mlatho ndi wa khonsolo ndi aphungu, pali ndalama za chitukuko za CDF. Agogo woiwala dzina lake adzakamulankhulira ndani kukhonsolo?

Azakhali a ku Area 25: Ndiye mukanangotumiza kwa mdzukuluyo pa Airtel Money, osativutitsa ife.

Achemwali a ku Leeds: Ndinatumiza kugulu dala. Ndikatumiza ndekha anthu aziti ndi zake za mayi wa kunja uja. Likachita gulu, mudzi umva kuti ana awo onse, a ku Joni, a ku Lilongwe, a ku Blantyre, akana zoti agogo athu aziponyedwa miyala.

Achimwene a ku Joni: Pamenepo ndili nanu asisi, ndipo anyamata a kuno tingasonkhe ina yoonjezera. Amayi anganso ayamba kubwereza funso limodzi kangapo pafoni, zikundiopsa. Koma osayinira ku banki asinthe kaye. Akhale aphunzitsi ndi mayi a ku Ndirande.

Msungichuma: Ndiye mwanditcha wakuba. Bambo wapampando, mabuku ndikubweretserani Loweruka, mupeze wina. Zaka zonsezi ndagwira ntchitoyi osalandira ngakhale ya mayunitsi.

Wapampando: Asungichuma dekhani, palibe wakutchani wakuba. Achimwene, malamulo a gulu amati osayinira amasintha pamsonkhano waukulu basi.

Achimwene a ku Joni: Msonkhano waukulu unachitika liti komaliza?

Msungichuma watuluka pagulu.

Mlembi: Ndiwaimbira.

Abusa: Tiyeni tipempherere mtendere wa gulu lathu.

Mayi a ku Ndirande: Nanga poti asungichuma atuluka, ndalamayo ituluka bwanji ku banki? Saini yawo ikufunika.

Achemwali a ku Leeds: Ine ndikulowa shifiti ya usiku, foni ndisiya mu loka. Bambo wapampando, tsiku la msonkhano wa pamsika ndilipeze mwagwirizana. Alangizi a zaumoyo ndi apolisi amafuna kalata nthawi idakalipo. Iwe wa kabaza, ndakutumizira ya nyale ya sola ndi mankhwala a mabala pa Mpamba, ukagule lero lomwe.

Mnyamata wa kabaza: Yafika asisi.

Wapampando: Tikumana pa Zoom Lamulungu 3 koloko masana, nthawi ya kumudzi. Ajenda ndi thandizo la okalamba.

Achimwene a ku Joni: Ajenda yoyamba ikhale mjigo.

Azakhali a ku Area 25: Ndi mlatho. Lamulungu masana ine ndili ku chinkhoswe, sinthani nthawi.