Azaumoyo akukhulupirira screenshot kuposa malangizo a chipatala, tiwaphunzitse bwanji?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa nthawi ya mliri ngati wa COVID-19, anamwino ndi madokotala ambiri amayamba kumva za mankhwala atsopano pa WhatsApp ndi Facebook malangizo ovomerezeka asanawafike. Foni amaidziwa bwino ndithu, koma kusiyanitsa uthenga woona ndi wabodza ndiye kumene kukuvuta, mpaka ena amasintha mlingo wa mankhwala chifukwa cha screenshot. Kodi luso limeneli limayezedwa bwanji? Nanga ngati nthawi yophunzitsira ndi ola limodzi lokha pa sabata, tiyambire pati? Ndikufuna zochita zenizeni chonde.

Mphunzitsi wa anamwino:
Choyezera chilipo, dzina lake eHEALS. Anachikonza ofufuza awiri, Norman ndi Skinner, mu 2006. Chili ndi ziganizo 8 zokhudza kupeza ndi kuunika nkhani za umoyo pa intaneti, ndipo pa chilichonse munthu amadzipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 5 malinga ndi mmene akugwirizanira nacho. Wotsikitsitsa amapeza 8, wapamwamba 40. Sichitha ndi mphindi 10 zomwe. Koma musachidalire chokha. Chimayeza mmene munthu akudzionera, osati zimene angathe kuchita, moti wina atha kupeza 36 n'kukhala yemweyo wotumiza mabodza pa gulu la ogwira ntchito. Komanso chinalembedwa WhatsApp kusanabwere.

Ndiye muphatikizepo mayeso ochita ndi manja. Tengani mauthenga 3 amene ayendadi m'mafoni mwawo sabata imeneyo: woona, wabodza, ndi wina woona koma wakale. Aliyense mumpatse mphindi 15 ndi foni yake yomwe. Inu muzingoona ngati wapeza kumene uthenga unachokera, tsiku limene unalembedwa, mtundu wa odwala amene ukunena, ndiponso ngati wanena chochita pa wodi. Wachitatuwo ndi umene umagwetsa ambiri, chifukwa chizindikiro cha WHO, bungwe la zaumoyo la padziko lonse, chimakhala chilipo pamwamba, munthu n'kuiwala kuyang'ana tsiku.

Dokotala wa matenda opatsirana:
Aphunzitsi anena zoona. Ine ndingoonjezera kuti bodza lenileni si limene limavulaza kwambiri pa wodi. Chimene chimavulaza ndi nkhani yoona imene yaduka mchira poyenda m'mafoni.

Tengani chitsanzo cha mankhwala a dexamethasone. Pa 16 June 2020, kafukufuku wa RECOVERY ku United Kingdom analengeza kuti 6 mg kamodzi pa tsiku, kwa masiku osapitirira 10, akuchepetsa imfa za COVID-19. Zimenezo n'zoona. Koma onani manambala ake. Mwa odwala a pa makina opumira, amene anamwalira anali 29.3 pa 100 pamene kwa osalandira anali 41.4. Mwa amene ankangolandira okosijeni, 23.3 poyerekeza ndi 26.2. Mwa amene sankafunika okosijeni n'komwe, phindu panalibe: anamwalira 17.8 pa 100 mwa olandira, 14 mwa osalandira. Uthenga ukadutsa m'mafoni asanu umatsala kuti "dexamethasone akuchiza korona", mawu akuti "kwa amene ali pa okosijeni" atathothoka m'njira. Mapeto ake munthu wa chifuwa chochepa akumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi komanso okweza shuga.

Choncho sabata yoyamba phunzitsani kulondola uthenga kumene unachokera. Screenshot si gwero. Ngati palibe linki, munthu alembe mutu wa nkhaniyo pa PubMed, tsamba lofufuzira kafukufuku wa zamankhwala, kapena pa webusaiti ya WHO n'kuona ngati ilipodi. Akaipeza ayang'ane tsiku, kenako apite pamene alemba za anthu amene analowa mu kafukufuku: anali angati, a msinkhu wanji, odwala kwambiri kapena pang'ono, ndipo panali gulu loyerekezera nalo kapena ayi. Zoyesa pa maselo m'mbale ya ku labu si umboni woti mankhwala agwira ntchito mwa munthu, chifukwa mlingo wa m'mbale nthawi zambiri sungafikike m'magazi popanda kuvulaza wodwala.

Aphunzitseninso zinthu ziwiri zimene ambiri sazidziwa. Zolembedwa pa medRxiv, tsamba limene ofufuza amaikapo msanga zimene apeza, zimakhala zisanaunikidwe ndi akatswiri ena, ndipo tsambalo limanena lokha zimenezi pamwamba. Chachiwiri, ngakhale magazini otchuka amabweza nkhani. The Lancet inatulutsa nkhani ya mankhwala a hydroxychloroquine pa odwala COVID-19 pa 22 May 2020 n'kuichotsa pa 4 June, zitadziwika kuti manambala ochokera ku kampani ya Surgisphere sangatsimikizike. PDF yake inapitirizabe kuyenda m'mafoni ngati palibe chachitika. Pa PubMed nkhani yobwezedwa imakhala ndi chizindikiro chakuti Retracted, kutanthauza kuti yabwezedwa, pa PDF ya mu foni mulibe.

Wa ku labu:
Musaiwale masamu, abale. Munthu atha kupeza gwero labwino koma osamva zimene manambala akunena. Phunziro ili limakwana pa bolodi m'mphindi 20.

WHO inati tizipangizo toyezera msanga COVID-19 tizigwira osachepera 80 mwa odwala 100 alionse, ndipo mwa anthu 100 opanda matenda tizinena zoona pa 97. Tiyerekeze kuti mwayeza anthu 1,000 pamalo pamene odwala ndi 2 pa 100 alionse. Odwala enieni ndi 20, kachipangizo kagwira 16, kaphonya 4. Opanda matenda ndi 980, ndipo 3 pa 100 a iwowa, anthu 29, awoneka ngati ali nako kachilombo. Ndiye kuti mwa anthu 45 amene mwawauza kuti apezeka nako, enieni ndi 16 okha. Kenako sinthani nambala imodzi yokha, odwala akhale 30 pa 100. Odwala 300, ogwidwa 240, onamiziridwa 21, koma ophonyedwa akwera kufika 60. Kachipangizo ndi komweko, tanthauzo la zotsatira lasintha. Akawerengera okha kawiri, saiwalanso chifukwa chimene munthu wa zizindikiro zonse amafunika kuyezedwanso ku labu ndi njira ya PCR ngakhale kachipangizo kanena kuti alibe.

Namwino wa ku ICU (wodi ya odwala kwambiri):
Luso la zipangizo nalonso lili momwemo. Kachipangizo kopana pa chala koyezera okosijeni kamanamiza anthu kwambiri chifukwa nambala ya pa sikirini imaoneka ngati yosatsutsika. Chala chozizira, polishi wa zikhadabo, dzanja lonjenjemera, batire yofooka, zonsezi zimasokoneza. Tenthetsani dzanja, chotsani polishi, dzanja likhale phee, dikirani mpaka nambala isiye kudumphadumpha, kenako yerekezani kugunda kwa mtima kumene kakuonetsa ndi kumene mwawerenga nokha pa mkono. Zikasiyana kwambiri, nambala ya okosijeniyonso musaikhulupirire.

China chofunika: pa khungu lakuda kachipangizoka kamakonda kukweza nambala. Kafukufuku amene anatuluka mu New England Journal of Medicine mu December 2020 anaona odwala amene kachipangizo kankati ali pakati pa 92 ndi 96. Atayeza magazi enieni, pafupifupi 12 pa 100 mwa akuda anali pansi pa 88, pamene mwa azungu anali pafupifupi 4. Choncho wodwala wamkulu amene akupuma kopitirira ka 30 pa mphindi, akulephera kumaliza chiganizo, musamusiye chifukwa sikirini yati 93. Za mapulogalamu a pa foni oti uike chala pa kamera akuuze okosijeni, amenewo asalowe pa wodi.

Woyang'anira data:
Pepani, ndisiyana nanu pang'ono. Maphunziro ndi abwino, koma anthu amathamangira WhatsApp chifukwa malangizo ovomerezeka amachedwa ndipo akafika sadziwika kuti atsopano ndi ati. Pa nthawi ya mliri wa COVID-19 malangizo a WHO a mankhwala ankasinthidwa mobwerezabwereza. Mukapanda kukonza pamenepa, mudzaphunzitsa mpaka kutopa.

Tsegulani gulu limodzi la WhatsApp limene oyang'anira okha ndi amene angathe kulembapo. Musankhe munthu mmodzi, ndi womuthandiza, woika malangizo. Fayilo iliyonse dzina lake liyambe ndi tsiku, chaka choyamba kenako mwezi, kuti zisanjike zokha. Yatsopano ikalowa, yakale ichotsedwe tsiku lomwelo, ndi pepala la pakhoma lomwe. Pansi pake alembe mizere itatu yonena chimene chasintha, chifukwa wa shifiti ya usiku sawerenga masamba 60.

Pa chinsinsi cha odwala ndiye pamalakwika zambiri. Chithunzi cha X-ray chotumizidwa pa gulu chimagwera m'foni ya aliyense, kenako n'kukwera chokha ku Google Photos kapena iCloud, malo osungira zithunzi pa intaneti. Dulani dzina ndi nambala ya wodwala musanatumize, muonenso kachibangili ka pa mkono ndi faelo imene ili pa bedi. Aliyense azimitse zoti zithunzi za gululo zizisungika zokha. Pa mapulogalamu olembetsera odwala monga DHIS2 kapena Go.Data, pasiwedi imodzi ya wodi yonse imachititsa kuti cholakwika chisadziwike mwini wake. Amene amalowetsa data popanda netiweki aonetsetse kuti zatumizika asanatuluke mu pulogalamu, ndipo afufuze dzina la wodwala asanamulembetse, apo ayi munthu mmodzi amawerengedwa kawiri.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ndatolapo zambiri. Koma nanga wotumiza uthenga wolakwikayo akakhala dokotala wamkulu? Namwino wachinyamata sangamutsutse pagulu.

Mphunzitsi wa anamwino:
Asamutsutse pagulu, n'zoona. Mugwirizane lamulo pa msonkhano, akuluakuluwo ali pomwepo, kuti uthenga uliwonse wa mankhwala uzibwera ndi linki ndi tsiku, kaya watumiza ndani. Mukatero wachinyamata sakunena kuti "mwalakwitsa", akungoti "adokotala, tithandizeni linki yake". Linki ikapanda kubwera pofika mawa lake, woyang'anira gulu auchotse uthengawo, ndipo alankhule nawo paokha. Pokonza, musatumizenso screenshot yabodzayo, mungaifalitse kachiwiri. Lembani zolondola zokha ndi gwero lake.

Dokotala wa matenda opatsirana:
Ola lanulo ligaweni chonchi: mphindi 10 zoona chimene chasintha m'malangizo, 30 zolondola uthenga umodzi aliyense pa foni yake, 20 zokambirana wodwala amene uthengawo ukanamukhudza. Wotsogolera azisintha sabata iliyonse, madokotala akuluakulu nawonso alowe pa mndandanda. Uthenga wokhala ndi timivi tiwiri pamwamba, tosonyeza kuti watumizidwa kambirimbiri, ndi wabwino kuyambira. Chithunzi chokayikitsa achiike pa Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti; nthawi zambiri chimapezeka kuti ndi cha chaka china kapena dziko lina. Pakatha masabata 6 bwerezani mayeso a mauthenga 3 aja ndi mauthenga atsopano, muyerekeze ndi malikisi oyamba.