Bolodi iti yoyenera kamakina koswetsera mazira: Pi 5, Pi 4 kapena Zero 2 W?

Wa ku Chipoka:
Moni nonse. Ndikufuna kupanga kamakina koswetsera mazira a nkhuku, kutentha kuzikhala pa 37.5°C masiku onse 21, ndipo ndizitha kuona pa foni mmene zikuyendera. Zamagetsi ndangoziyamba kumene. Ndigule Raspberry Pi (kakompyuta ka bolodi imodzi) iti? Ndidalira sola ndi batire ya 12V.

Wa pa Kamuzu Road:
Achimwene, Pi 5 isiyeni kaye. Imafuna chaja ya 5V 5A, imatentha, ndipo batire yanu idzaphwa usanathe usiku. Pi 4 nayo imafuna 3A. Kuwerenga sensa imodzi ndi kuyatsa babu lotenthetsera mazira ndi ntchito yochepa, Zero 2 W ikwanitsa bwinobwino ndi RAM yake ya 512MB. Koma gulani yoti mapini anawotcherera kale, apo ayi mukhalira kuwotcherera mapini 40 nokha.

Sensa yoyeza kutentha tengani DS18B20. Waya wa data upite pa pini ya bolodi yotchedwa GPIO4, ndipo pakati pa wayawo ndi 3.3V ikanipo resistor ya 4.7k. Mukaiwala resistor imeneyi bolodi siiona sensa, ambiri amafika poganiza kuti anagula yakufa. Yatsaninso 1-Wire, njira yolankhulirana ndi sensayi, mu raspi-config, pulogalamu yosinthira masetingi a Pi. Mapini a GPIO ndi a 3.3V basi, mukalowetsapo 5V mwaipsereza. Babu musalumikize pa pini, lidutsire pa relay, kaswichi koyendetsedwa ndi bolodi.

Wa ku Dwangwa:
Zoona zonsezo, koma ine sindingapereke moyo wa anapiye kwa bolodi yodalira memore khadi. Batire ikatsika Pi n'kuzima ili mkati molemba, khadi imawonongeka, kukacha osayakanso. Bolodi ikangosiya kugwira ntchito babu lili chiyakire, mazira apsa.

Tengani Pico W. Si kompyuta yathunthu ayi, ilibe Linux, koma pulogalamu imakhala mkati mwake momwemo ndipo magetsi akabwera imayambiranso nthawi yomweyo. Mumalemba m'chilankhulo cha MicroPython pa pulogalamu ya Thonny, woyamba savutika. Wi-Fi ilinso nayo. Dziwani kuti Pico W ndi Zero 2 W zonse zimagwira 2.4GHz yokha, ndiye hotspot ya foni ikakhala pa 5GHz sizionana.

Wa ku Senga Bay:
Bambo a ku Dwangwa anena zomveka. Njira ina n'kugawa ntchito. Babu lisiyireni W1209, kathemositati ka 12V kokhala ndi relay yakeyake, bolodi izingolemba ndi kutumiza manambala. Bolodi ikafa, mazira sadziwa n'komwe.

Kuchoka pa 12V kupita pa 5V mufunika buck converter ngati LM2596. Musanalumikize bolodi, potokolani kasikuluwu kake mukuyeza ndi mita mpaka ifike 5.1V, chifukwa imatha kubwera ili pamwamba. Waya akhale wamfupi ndi wonenepa, woonda amagwetsa mphamvu Pi n'kumazimazima.

Mukasankha Zero, yatsani overlay mu raspi-config kuti khadi isamalembedwe, manambalawo azipita ku foni. Bolodi ikhale kunja kwa bokosi, mkati muli chinyezi cha madzi aja mumaika m'kambale. DS18B20 siyeza chinyezi, pamenepo onjezerani DHT22. Ndipo dzuwa la Okutobala kuno kunyanja mukulidziwa: bokosi likakhala pafupi ndi malata limatha kutentha mopitirira babu lili chizimire, ndiye liikeni pansi, m'chipinda chozizirirapo, ndi kafani ka 12V kozunguza mpweya mkati.