Banja la anthu 9 ku Disney World mu Disembala, matebulo akukana, thandizeni abale

Ajenti wa ku Area 3:
Anzanga a mabukingi, amene munagwirapo za Orlando tabwerani kuno msanga mutu ukuwira. Ndili ndi kasitomala, banja la kwathu konkuno koma amakhala ku Manchester, anthu 9, akuluakulu 4 kuphatikiza agogo aakazi, ana 5, wamng'ono zaka 2 wamkulu 13. Ndege ndinathana nazo kale, mapasipoti onse ndi a UK ndiye ESTA basi, chilolezo cha pa intaneti cholowera ku America, za visa musandifunse. Akagona mu villa ku Kissimmee, hotela ya Disney anakana eti ndi yodula komanso agogo sangathe sabata osadya nsima ndiye pakufunika khitchini. Vuto ndi ma ADR, kubukiratu matebulo odyera ku Disney, komwe kumatseguka kutatsala masiku 60. Masiku 60 a tsiku lawo loyamba akwana lero, ndinakhala pa kompyuta nthawi isanakwane, 12 koloko yeniyeni ndalowa, Cinderella's Royal Table, lesitilanti ya mu castle ya ku paki ya Magic Kingdom, ya anthu 9 palibe olo nthawi imodzi, Be Our Guest, lesitilanti ina ya mu paki yomweyo, yangondionetsa za usiku, ndiye kuona pa kalenda tsiku lomwelo Magic Kingdom ikutseka 6 koloko chifukwa cha Mickey's Very Merry Christmas Party ndipo iwo tikiti ya phwandolo alibe. Mayi wa banjali akungoimba eti mwana wamkazi akukwanitsa zaka 7 tsiku limenelo ndipo anamulonjeza kale kuti akadyera mu castle. Ndisinthe masiku a mapaki kuti atsatire matebulo kapena ndisiye mapaki momwe alili ndizingotola zomwe zilipo? Mawa 12 koloko tsiku lachiwiri likutseguka ndilibe pulani

Ankolo a ku Limbe:
Mayi inu mwadziika nokha m'madzi. Dining ilibe komishoni. Mwagulitsa ndege, mwagulitsa matikiti a paki, ntchito yanu yathera pamenepo. Apatseni apu ya Disney yobukira, My Disney Experience, apange okha, ali ndi mafoni abwino kuposa athu.

Achemwali a ku Leeds:
Pepani achemwali koma chakupwetekani ndi villa imeneyo. Ogona mu hotela za Disney amabuka masiku 60 lisanafike tsiku lolowera koma amatenga ulendo wonse pakamodzi mpaka masiku 10, ndiye tsiku lomwe inu mukuliona koyamba lero anzanu analidya kale sabata yatha. Matebulo aakulu ndi amene amayamba kutha. Osasaka 9, gawani, sakani 5 ndi 4 nthawi zoyandikana, akafika akapemphe kuti awaike moyandikana koma osawalonjeza chifukwa si nthawi zonse zimatheka. Ndipo kamwana ka zaka 2 ako kawerengeni mu nambala, sikalipira koma kamawerengedwa, ena amakasiya kuti nambala ichepe kenako kukangana pakhomo.

Ajenti wa ku Area 3:
Ndayesa 5 ndi 4 pompano, ya 4 yatuluka imodzi ya m'mawa kwambiri, ya 5 zii

Achemwali a ku Leeds:
Igwireni ya 4 yo musaganize kawiri. Mayi, mwana wa tsiku lobadwayo, agogo ndi mwana mmodzi. Anyamata a zaka 13 sasamala za ma princess, bambo awatenge akakwere Space Mountain. Kungoti Royal Table amadula ndalama yonse pobuka pomwepo, si ngati zinazi zongogwira khadi, ndiye onani kuti khadi yomwe ili pa akauntiyo ndi ya ndani.

Achimwene a ku Joni:
Apo pa khadi mpamene ndikufuna nditsindike. Musaike khadi yanu, kaya ya kampani, pa akaunti ya kasitomala ngakhale akulirireni bwanji. Akapanda kufika pa tebulo amadula madola 10 pa munthu aliyense, anthu 9 ndi madola 90 pa chakudya chimodzi chomwe sichinadyedwe. Ine chaka china ndinali ndi banja la anthu 7, khadi ya bambo inkakana ndiye abwana anga panthawiyo anati tiikire ya ofesi tiwathandize, anthu aja atafika kumeneko anatopa tsiku lachiwiri lomwe nkuyamba kudyera ku villa osauza munthu, matebulo atatu osapita osakansela, ndalama kumangochoka kuno. Pobwera bambo aja akuti sanadziwe kuti pali chindapusa chonsecho ndinawalembera pa WhatsApp. Mpaka lero sanabweze, timakumana ku tchalitchi amandipatsa moni bwinobwino.

Ankolo a ku Limbe:
Mwamva? Ndi zomwe ndikunenazo. Madola 90 pa ntchito yopanda komishoni. Musiyeni kasitomala apange yekha.

Mayi a mapasa:
Ankolo si makasitomala onse angathe, ena apu imeneyi ikawatsegukira amangoona nyenyezi, ndipo amene wawathandiza matebulo ndi amene amamubwerera chaka chamawa. Mumangoika fizi yanu ya pulani padera basi. Koma achemwali a ku Area 3 ine nkhawa yanga ndi ya m'mawa kwambiri mwagwirayo. Ku Magic Kingdom galimoto siifika pageti, amaimika ku Transportation and Ticket Center kenako monorail kapena feri kuoloka nyanja ija, kuphatikiza sekyuriti. Anthu 9, agogo, kamwana ka pa stroller, dzulo lake atsika ndege ya maola ambiri, mukuganiza adzuka nthawi yanji? Ife a Malawi tikati tinyamuka 6 ndiye kuti 6 yo wina akusaka nsapato. Auzeni nthawi yonyamukira yabodza, muchotseko ola lathunthu.

Achemwali a ku Leeds:
Kudzuka sikuvuta kwenikweni kwa ochokera ku UK, thupi limakhala lili maola 5 kutsogolo, tsiku loyamba ana amadzuka 4 koloko m'bandakucha okha. Vuto ndi madzulo, pofika 7 onse ali gwaa. Nchifukwa chake ine tsiku la phwando sindiliopa, paki yotseka 6 koloko anthu ambiri amaithawa ndiye masana mizere imakhalako bwino. Chomwe ataye ndi ma fireworks a usiku basi, ndiye ngati ali ndi Park Hopper, tikiti yolowera mapaki angapo tsiku limodzi, abwererenso usiku wina wopanda phwando.

Ajenti wa ku Area 3:
Hopper alibe, ndi paki imodzi pa tsiku, masiku 5. Anati Hopper ndi kuononga ndalama

Mayi a mapasa:
Ndiye samalani kwambiri pamenepo. Tebulo la mkati mwa paki limafuna tikiti ya paki yomweyo tsiku lomwelo, mukawabukira Space 220 ku EPCOT tsiku lomwe m'mawa alowa Hollywood Studios ndiye kuti sadya, geti likana. Ine zinandionekera kwa mnzanga wina, anabuka Sci-Fi Dine-In ya ku Hollywood Studios mosangalala kuti wapeza, kasitomala tsiku limenelo ali ku Animal Kingdom. Kwa anthu opanda Hopper lembani kaye mapaki papepala tsiku ndi tsiku kenako matebulo atsatire. Tsiku la 5 lo likhale Magic Kingdom kachiwiri usiku wopanda phwando, mwathana ndi za fireworks. Ndipo ngati ya 5 ija ikanirirabe pali Akershus ku EPCOT mbali ya Norway, ma princess aliko ndipo imapezekako msanga kusiyana ndi castle. Za m'mahotela monga Chef Mickey's ku Contemporary kapena 'Ohana ku Polynesian sizifuna tikiti ya paki, zimenezo ikani tsiku lopuma.

Mnyamata wa matikiti:
Funso laling'ono akuluakulu, 12 koloko yo ndi ya chaka chonse? Ine ndili ndi a mu Januwale

Achimwene a ku Joni:
Ayi mphwanga. Ndi 6 koloko m'mawa nthawi ya ku Florida. Iwo amabweza wotchi Lamulungu loyamba la Novembala, ndiye kuyambira pamenepo kwa ife imakhala 1 koloko masana. Ndipo uzilowa mphindi 15 isanakwane chifukwa nthawi zina zimayamba kuoneka msanga. Jenereta ikhale ndi mafuta, magetsi akazima 5 to 1 palibe amene akudikire.

Ankolo a ku Limbe:
Mafuta a jenereta, bandulo, masiku 5 otsatizana kukhala pa kompyuta nthawi ya nkhomaliro, zonsezi za ulere. Ine ntchito imeneyi ndinaiyamba matikiti tikulemba pamanja ndipo sindinabukirepo munthu nsima. Ku mapakiko kuli quick service paliponse, malo ogula chakudya osabuka tebulo, mobile order pa foni, amaloledwanso kulowa ndi chakudya chawo bola zisakhale m'mabotolo agalasi. Villa ili ndi khitchini mwanena nokha. Aphike mpunga anyamule.

Mayi a mapasa:
Ankolo mwana analonjezedwa castle inu mukuti mpunga wa m'kontena kkkkk

Achemwali a ku Leeds:
Komabe pa ndalama ankolo ali ndi kamfundo, kasitomala muuzeni zoona asanakwere ndege. Ku Disney mwana wa zaka 10 ndi wamkulu, tikiti ya wamkulu, buffet mtengo wa wamkulu, mtengo wa ana ndi zaka 3 mpaka 9 basi. Ndiye pa ana 5 wo werengani bwino ndi angati adutsa 9. Komanso gulu la anthu 6 kupita m'mwamba amaonjezera okha tip ya 18% pa bilu, a ku UK sanazolowere zimenezo, ine wina anandiimbira ali pa tebulo pomwepo usiku kuno ndili mtulo eti amubera. Tebulo limodzi pa tsiku ndi lokwanira, awiri ndiye kuti tsiku lonse angothamangira kudya, ndipo mukadzafika pa Lightning Lane, mzere wachangu wolipira wa pa ma ride, muona kuti nthawi zikugundana. Paja a villa Multi Pass ya Lightning Lane yo amagula kutatsala masiku 3 pomwe a m'hotela za Disney ndi masiku 7, ndiye kumenekonso mudzakhala kumbuyo kwa mzere, konzekeranitu mtima.

Achimwene a ku Joni:
Chinanso, pali anthu pa Facebook amagulitsa matebulo eti anagwira kale akupatsani mukalipira, osayerekeza. Ingomayang'anani nokha pafupipafupi makamaka sabata yomaliza, anthu amakansela ambiri chifukwa malo ambiri amalola mpaka kutatsala maola 2. Koma za prepaid ngati castle yo werengani malamulo ake pa confirmation musangoganiza kuti ndi chimodzimodzi.

Mnyamata wa matikiti:
Tsiku la Animal Kingdom mwaikapo chani? Anga akufunsa za Tusker House

Mayi a mapasa:
Tusker House ili bwino kwa gulu lalikulu, buffet ndipo Donald Duck ndi anzake amazungulira m'matebulo. Koma kwa agogo ine ndingasankhe Boma ku Animal Kingdom Lodge madzulo, zakudya zake zambiri ndi za kuno ku Africa, bobotie ndi zina zotero, ndipo paki imeneyo imatseka msanga kusiyana ndi zinzake ndiye nthawi imakwana bwino. Kungoti agogo mukawakweza Kilimanjaro Safaris akakufunsani kuti ndalama zonsezi ndadzaonera njovu zomwe zili pa Liwonde pompa? Anga ena anatero, mdzukulu mpaka kulira.

Ankolo a ku Limbe:
Agogo amenewo ndi anzeru. Ku Liwonde komishoni iliko.

Achimwene a ku Joni:
Kkkkk ankolo simutopa. Koma pa nkhani ya makhadi ija, kodi alipo amene khadi ya kumudzi ikumudutsira pa madola masiku ano? Ine kasitomala wanga wa ku Blantyre limiti yamuthera pa dipoziti ya hotela yokha, ndikuganiza zoti m'bale wake wa kuno alipire ndiye azikabwezerana okha

Mayi a mapasa:
Zimenezo tsegulani nkhani yake payokha achimwene, ndi yaitali. Koma dzina la pa khadi likasiyana ndi la wogona mahotela ena amafuna fomu ya authorization, afunseni kaye musanalipire.

Mnyamata wa matikiti:
Achemwali a ku Area 3 ya 5 ija yapezeka? Ndipo Akershus mwaiona ili ndi malo? Ndikufuna ndidziwe ndisanawalonjeze anga