Salsa ikusasa m'mabotolo, ndikulakwitsa pati?

Wophika pa lodge: Akuluakulu thandizeni msanga. Abwana akufuna salsa izikhala patebulo m'mabotolo ngati Nali. Ndagaya tomato, anyezi, kambuzi, coriander, mandimu pang'ono. Isanathe sabata yachita thovu, zivindikiro zatupa, madzi pansi zinthu pamwamba. Loweruka kuli alendo.

Mayi wa catering: Achimwene, mukufuna salsa igwire ntchito ya hot sauce. Ya ku Mexico ija amati pico de gallo ndi chakudya chosaphika: tomato, anyezi, tsabola wa serrano kapena jalapeño, laimu, mchere. Amatapa ndi supuni. Hot sauce ndi tsabola, viniga ndi mchere, amadonthetsa. Tabasco imakhala patebulo chifukwa cha viniga. Salsa malo ake ndi mufuriji pansi pa 5°C, masiku atatu kapena anayi.

Wa chipisi: Kachumbali basi ameneyo. Thirani viniga, nkhani yatha.

Mkulu wa kukhitchini: Viniga wongothira ndi maso ayi. Chofunika ndi pH (muyezo wa asidi, nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka) kutsika pansi pa 4.6, ambiri amafuna 4.0 kuti akhale ndi mtendere. Tomato wakupsa amasewera pa malire pomwepo, anyezi ndi adyo amapitirira 5, ndiye mukachulukitsa anyezi asidi amafooka. Botolo lotseka lopanda mpweya ndi pamene tizilombo toyambitsa botulism, matenda oopsa a poizoni wa m'chakudya, timakonda, ndipo poizoni wake simungamumve ndi mphuno. Mabotolo otupawo tayani onse, musalawe. Adyo m'mafuta musamusiyenso panja.

Wa chipisi: Viniga ndi viniga, bwana. Onjezani.

Mayi wa catering: Mukaonjeza mpaka isungike, sikhalanso salsa, makasitomala angokwinya nkhope. Za madziwo: musagaye. Chotsani njere za tomato, duladulani, wazani mchere, asiyeni pa sefa mphindi 20 akhe. Anyezi mutsuke m'madzi ozizira ukali uchepe. Pangani ya tsiku lomwelo, makamaka ndi kuzimazima kwa magetsiku.

Mkulu wa kukhitchini: Ya patebulo pangani padera. Kambuzi, viniga wa asidi 5%, mchere, wiritsani mphindi 10, gayani, yezani ndi pH meter, thirani ili yotentha m'mabotolo owiritsa. Mukafuna yofufumitsa, mchere ukhale 2 mpaka 3% ya kulemera kwa tsabola, chivindikiro chosamanga kwambiri kuti mpweya uzituluka. Valani magolovesi, tsegulani mawindo, nthunzi ya kambuzi imatsokomoletsa khitchini yonse.

Wa chipisi: Mwazungulira, mwafikabe pa viniga wanga uja.

Mayi wa catering: Koma pH meter yodalirika mukugula kuti masiku ano? Timapepala toyezera pH tija timasokoneza mtundu mu sosi yofiira.