Mababu otsatira nyimbo: kugula kunja, kukayatsa ku Zomba

Wa ku Chinamwali (Randburg): Akuluakulu, mwaswera bwanji konseko. Mng'ono wanga watsegula kamalo ka chipisi ndi zakumwa ku Chinamwali, m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde. Wandivutitsa kuti ndimutumizire mababu aja osinthasintha mitundu, oti aziphethira motsatira nyimbo. Transipota akunyamuka mwezi ukatha. Kuno alipo a Tuya, a WiZ, a Philips Hue, mutu wazungulira. Ndamvanso kuti ena mumachotsa firmware (pulogalamu ya m'kati yoyendetsa babu) ya kufakitale n'kuikamo ina. Ndigule ati?

Achemwali a ku Dublin: Achimwene, za nyimbozo dikirani kaye. Mwanayo ajambule holda yomwe ili kudenga akutumizireni. Nyumba zambiri kwathu ndi za pini, B22, pomwe mababu ambiri a WiFi ndi a sikuluu, E27. Ikakhala ya pini, ikani m'katundumo timaadaputala kapena maholda atsopano.

Ankolo a ku Indiana: Ndipo pasapezeke wondipempha kuti nditumize akuno. Kuno magetsi ndi 120V, kwathu ndi 230V. Sikuluu yakuno, E26, imatha kulowa mu holda ya E27, ndiye munthu amaona ngati zatheka, kenako utsi. Alipo abwino a Kauf obwera kale ndi firmware yotchedwa ESPHome, koma anapangira magetsi akuno. Inu a ku Joni muli pabwino, magetsi anu ndi ofanana ndi akwathu. Werengani pabokosi, palembedwe 220-240V kapena 100-240V.

Che Waya (Doha): Ndangoweruka, ndiyankheko bwinobwino. Dzina la pabokosi musalikhulupirire kwambiri. Chofunika ndi kachipu kali m'kati. Mababu otchipa ambiri, kaya bokosi lalembedwa dzina lanji, m'kati ndi a Tuya ndipo amayendera app ya Smart Life. Kale ankabwera ndi kachipu kotchedwa ESP8266, ndipo cha mu 2019 anthu ankaikamo firmware yotchedwa Tasmota kudzera pa WiFi ndi pulogalamu ya tuya-convert osatsegula babu. A Tuya anatseka njira imeneyo, kenako ambiri anasamukira ku machipu a Beken, BK7231T ndi BK7231N. Pa amenewa Tasmota siilowa, firmware ina yotchedwa WLED siilowanso. Zomwe zimalowa ndi firmware ya OpenBeken kapena ESPHome, ndipo njira yosatsegula babu ndi pulogalamu ya tuya-cloudcutter. Imafuna kompyuta ya Linux kapena Raspberry Pi, komanso kuti firmware ya m'babumo ikhale yomwe sanaitsekebe. Choncho mukagula, musathamangire kulilumikiza ku app n'kuvomera update.

Choipa kwambiri n'choti mababu awiri a bokosi lofanana, ogulidwa shopu imodzi, akhoza kukhala ndi machipu osiyana. Fakitale imasintha osauza munthu.

Wa ku Chinamwali (Randburg): Che Waya, ine ntchito yanga ndi ya m'gadeni. Linux ndiitenga kuti? 😅

Che Waya (Doha): N'chifukwa chake malangizo anga ndi akuti musalimbane ndi zosintha firmware nokha. Gulani babu lomwe laikidwa kale firmware yomwe mukufuna. A Athom amagulitsa mababu a E27 oti umasankha wekha, Tasmota, ESPHome kapena WLED. Pa nkhani ya nyimbo tengani a WLED. Onetsetsani kuti ndi RGBCW, kutanthauza mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wa buluu, kuphatikiza kuwala koyera kwa mitundu iwiri, kozizira ndi kofunda. Masana ndi nthawi yowerenga ndalama mwanayo adzafuna kuwala koyera kwenikweni, osati kwa buluu.

Mnyamata wa ku Leeds: Koma akulu, bwanji osangotenga Hue? Ine ndili nawo m'chipinda, ndimalumikiza ndi Spotify, amatsata nyimbo bwino kwambiri, palibe zowotcherera mawaya.

Achemwali a ku Dublin: Iwe, mtengo wa Hue imodzi ndi matumba angati a mbatata za chipisi?

Che Waya (Doha): Hue ndi yabwino, sindikutsutsa. Koma pa za nyimbozo imafuna kabokosi kake kotchedwa Bridge, komwe imalumikizana nako pa Zigbee osati pa WiFi, ndipo firmware yake ndi yotseka, simungaikemo yanu. Za Spotifyzo zimafunanso intaneti nthawi zonse. Ku Leeds WiFi ili m'lendi. Ku Chinamwali nyimbo zili pa fulashi ndi pa memori khadi, ndipo bandulo ikatha yatha. WLED sifuna intaneti ngakhale pang'ono. Rauta yakale yopanda simu, yopanda bandulo, ingoyaka basi, mababu ndi foni zimaonana.

Wotsala ku Matawale: Ine ndili konkuno, ndiloleni ndilowererepo. Inu mukuiwala kuti dzinja lino magetsi akumathima n'kuyaka, kuthima n'kuyaka, makamaka mvula ya mphezi ikatsika kuphiri. Neba wanga ali ndi babu la pa app, magetsi akachita zimenezo limayamba kuphethira lokha usiku wonse mpaka alilumikizenso.

Che Waya (Doha): Bambo a ku Matawale mwagunda penipeni. Babulo silinafe. Mababu a Tuya anawapanga kuti ukazimitsa ndi kuyatsa pa swichi katatu motsatizana, aziyesa kuti mwini wake akufuna kuwalumikiza mwatsopano. Silidziwa kusiyanitsa dzanja la munthu ndi magetsi ovuta. Tasmota nayo ili ndi khalidwe lofananako: magetsi akaduka n'kubwera mofulumira kasanu ndi kawiri, imafufuta zonse n'kubwerera poyambira. Kusiyana kwake n'koti pa Tasmota umatha kuletsa. Mu Console, polembera malamulo patsamba la Tasmota, mumalemba SetOption65 1, nkhani yatha. Palinso PowerOnState, yomwe imanena chochita magetsi akabwera: 0 likhale lozima, 1 liyake, 3 libwerere momwe linalili. Kuchipinda chogona 0 kapena 3 ndi bwino, kuti lisakudzutseni 2 koloko usiku, koma dziwani kuti pa 0 swichi ya pakhoma yokha siliyatsa. Pamalo a bizinesi ikani 1. Pa WLED mumasankha preset, mtundu womwe mwasunga kale, yoti liziyamba nayo, muike yoyera. Apa ndi pomwe firmware yanuyanu imaposa ya kufakitale, osati pa mitundu.

Wa ku Chinamwali (Randburg): Zamveka. Nanga nyimbozo babu limazimva bwanji? Lili ndi maikolofoni?

Che Waya (Doha): Ambiri alibe. Za pa app ya Smart Life zimagwiritsa ntchito maikolofoni ya foni, ndiye foni ikhale pompo yotsegula, kuwala kumabwera mochedwa, ndipo makasitomala akayamba kukangana za Bullets ndi Wanderers babu limavinira mkanganowo.

Njira zenizeni ndi ziwiri. Ngati amaimba nyimbo pa laputopu, aikemo pulogalamu ya LedFx, ndi yaulere. Imatenga mawu m'kati mwa kompyuta momwemo, osati a mumpweya, n'kumatumiza mitundu ku mababu a WLED pa WiFi. Phokoso la anthu sililowamo. Ngati laputopu palibe, gulani kabokosi ka WLED ka chipu ya ESP32 kokhala ndi maikolofoni m'kati, a Athom ndi a Gledopto amapanga, n'kulumikizako chingwe cha timagetsi ta WS2812B. Odziwa kuwotcherera amangogula ESP32 ndi maikolofoni ya INMP441. ESP8266 payokha siikwanitsa kumvetsera nyimbo, mphamvu ndi yochepa.

Ndipo ndinene zoona, babu limodzi limaonetsa mtundu umodzi pa nthawi, ndiye kuvina kwake n'kungophethira. Chingwe chija kagetsi kalikonse kamayaka pakokha, besi ikagunda umaona kuwala kukuthamanga m'mbali mwa kauntala. Ndikanakhala ine, ndalama zambiri ndikanaika pa chingwe, mababu awiri kapena atatu okha.

Mai a ku Salalah: Pepani ndilowerere ngakhale za mawaya sindizidziwa. Kunyumba komwe ndimagwira ntchito kuno kuli mwana wa khunyu, ndipo magetsi ophethira mofulumira ndi oletsedwa. Ena a matendawa kuphethirako kumawagwetsa. Pamalo olowa aliyense, mumuuze mwanayo asankhe zosintha pang'onopang'ono.

Achemwali a ku Dublin: Zoona amayi. Komanso ofuna kudya chipisi aone chomwe akudya.

Mnyamata wa ku Leeds: Che Waya, ine ndili ndi a Tuya awiri akale, ndimafuna kuwatsegula ndiyesere. Chovuta n'chiyani?

Che Waya (Doha): Aise, choyamba, babu likhale m'manja, lochotsedwa mu holda. M'kati mwa babu magetsi a pakhoma sanalekanitsidwe ndi kabolodi, ukalumikiza USB lili pamagetsi upha laputopu, mwinanso iwe. Umalipatsa 3.3V kuchokera pa adaputala ya USB to serial, osati 5V. Chachiwiri, ukatsegula uwerenge zolembedwa pa module, kabolodi kakang'ono ka WiFi. TYWE3S kapena TYWE3L ndi ESP8266, uli ndi mwayi. WB2L kapena CB2L ndi Beken. Uonenso kachipu koyendetsa ma LED. Ukapeza SM2135 kapena BP5758D, pita ku ESPHome, imawadziwa. WLED imayenda bwino pa mababu omwe mitundu yake imayendetsedwa ndi PWM mwachindunji, popanda kachipu kotere. Chivundikiro chija anamata ndi guluu, ndiye ukamabwezera umatenso bwino.

Wotsala ku Matawale: Funso langa ndi la mayunitsi. Akuti babu lotere limadya ngakhale lazima?

Che Waya (Doha): Limadya pang'ono, nthawi zambiri osafika 1W, chifukwa WiFi yake imakhala ili maso. Akatseka shopu azimitse pa swichi. Zina zoti mwanayo adziwe: mababuwa amagwira WiFi ya 2.4GHz yokha, asawaike pa swichi ya dimmer yochepetsera kuwala, ndipo asawatsekere m'galasi pafupi ndi chiwaya, kutentha kumawapha msanga. Akaika mtundu wofiira kapena wa buluu kuwala kumachepa kwambiri poyerekeza ndi koyera, ndiye babu wamba la pamwamba pa chiwaya alisiye.

Wa ku Chinamwali (Randburg): Chithunzi chafika, holda ndi za pini zonse. Ndiye ndigula maholda a sikuluu atatu, mababu a WLED atatu, kabokosi ka maikolofoni, chingwe cha mamita 5 ndi rauta yakale. Koma ndani akamulumikizire? Iye amangodziwa WhatsApp.

Che Waya (Doha): Mulumikize nokha konko musanapakire. Yatsani rauta, yatsani babu, pa foni mudzaona WiFi yotchedwa WLED-AP, pasiwedi ndi wled1234. Mukalowa, lipatseni dzina ndi pasiwedi ya rautayo. Chitani choncho onse, ndipo rauta yomweyo ipite nawo osasintha kalikonse. Akafika ku Chinamwali n'kungoyatsa. Musaiwale adaputala ya 5V ya chingwe, ya mphamvu zokwanira mamita 5, ndi pulagi ya mapini atatu amakona, chifukwa ya ku Joni ija yozungulira siilowa pakhoma kwathu.

Wotsala ku Matawale: Zikavuta andiimbire, Chinamwali ndi pafupi, ndikwera kabaza. Koma chipisi chikhale chaulere.

Achemwali a ku Dublin: Ndipo mababuwo muwakulunge m'zovala, achimwene. Transipota amaika firiji pamwamba pa chilichonse.